Mayi amene anagulitsa tikiti yake ngati tomato

Panali mayi wina wogulitsa tomato pamsika. Anzake ankangomutcha Achangu chifukwa kudikira sankakudziwa. Tomato akangoyamba kufewa, iye ankatsitsa mtengo nthawi yomweyo kuti asamuwolere m'manja.

Tsiku lina analandira foni yoti bambo ake, amene anagonekedwa kuchipatala chakutali, alowa ku opaleshoni madzulo a tsiku lomwelo ndipo akufuna kumuona kaye. Anasiyira mnzake benchi, n'kukagula tikiti ya sitima. Anali ndi mlamu wake, mkazi wa mchimwene wake, amenenso anagula tikiti yake.

Ali pasiteshoni, kunalengezedwa kuti sitima sibwera, ndipo onse okhala ndi matikiti adikire uthenga wina.

Mlamu uja anati, "Tiyeni pawindo tikafunse."

"Mzere umenewo? Tikamafika kutsogolo bambo adzakhala atachira kale."

Pomwepo panafika bambo wina wovala bwino. "Mayi, tikiti imeneyo yafa. Bweretsani, ndikupatsani theka. Kuseri kuno kuli lole ikunyamuka pompano."

"Alamu, musagulitse. Ngati yafa, iyeyu akuigulira chiyani?"

"Inu simunagulitsepo kanthu, alamu. Chinthu chikayamba kufewa umachichotsa m'manja."

Anapereka tikiti n'kukwera lole. Mlamu wake anatsala pamzere.

Lole ija inaima kukweza matumba. Inayenda pang'ono, inaimanso. Kenako inazimira pakati pa msewu, dalaivala n'kunena kuti akudikira makaniko. Achangu anakhala pathumba, manja pamiyendo.

Dzuwa litapendeka, panadutsa basi yodzaza. Pazenera anaona mlamu wake akumenya galasi ndi chikhatho. Basi sinaime.

Anali a sitima amene anabweretsa basiyo, ndipo ankakweza aliyense woonetsa tikiti, osalipiranso kanthu. Tikiti ya Achangu inali itagulitsidwa kwa munthu wina pakhomo pa basi pomwepo.

Anafika kuchipatala m'mawa mwake. Pabedi la bambo ake panalibe ngakhale nsalu. Mlamu wake anali pabenchi panja pa wodi, atagwira jumbo ya zovala ndi nsapato za malemu.

"Sanadzuke," anatero mlamuyo.

"Anandifunsa?"

"Anafunsa. Ndinawauza kuti muli m'njira."

"Ndiye anati chiyani?"

"Anaseka. Anati, 'Ameneyo ndi wachangu, afika ndisanalowe.' Mpaka pomwe ankawakankha pa machira, maso anali kukhomo."

Achangu sanalire. Analandira jumbo ija, n'kukhala pansi, n'kumayang'ana khoma.

Akuti maliro atatha anabwerera pabenchi lake. Masiku ano tomato akafewa amangomuyang'ana, mpaka mnzake wa benchi loyandikana amukumbutse.

Phunziro: Sitima ikachedwa kapena ikalephereka, tikiti yanu sinawole. Igwireni. Imani pamzere, mufunse ogwira ntchito enieni kuti akukonzerani chiyani: sitima ina, basi, kapena kukubwezerani ndalama. Kufunsa ndi ufulu wanu, munalipira. Wokugulani tikiti panja akudziwa chimene inu simunafunse. Musangowerenga n'kukhala chete, tumizirani abale anu, ndipo amene satha kuwerenga muwawerengere.