Chivindikiro cha Namakani

Kambale ka yisiti kanafiira psuu, ndipo Namakani anadziwa kuti tebulo lake logwirirapo ntchito mu labu lapita.

Ankafufuza jini lina la yisiti, kachidutswa ka malangizo a chibadwa. Majini amakhala okulungidwa pa timapuloteni totchedwa mahisitoni, ngati ulusi pa bobini. Iye ankalimbikira kuti jini lakelo silingadzuke pokhapokha gulu lina la mapuloteni litachotsa mahisitoniwo. Pofuna umboni, analumaza yisiti wina pomuchotsera gululo, n'kubzala yisiti m'timbale tiwiri, ka wabwinobwino ndi ka wolumala. M'mawa umenewo anavundukula tonse tiwiri, n'kuthira mankhwala amene amafiiritsa yisiti ngati jini ladzuka. Wolumala ankayenera kukhala mbee.

Koma pa chivindikiro cha kambale kofiirako panali mawu olembedwa ndi dzanja lake lomwe: wolumala.

Mkulu wa labuyo, yemwenso anali mlamu wake, anali atanena poyera kuti zikakanika ulendo uno tebulolo apatsa wina, chibale chimathera pageti. Awiriwa sankamwerana madzi. Mlamuyo ankangokhalira kunena kuti wasayansi amalemba kunsi kwa kambale, osati pa chivindikiro. Namakani ankayankha kuti sanapite kusukulu kukaphunzira kusuzumira matako a mbale. Dzulo lake anawapeza alamuwo atawerama pa kabati yofunditsira yisiti, zala zili ndi inki yabuluu. Mumtima anangoti fisi wayamba kununkhiza khola.

Akanatha kutaya kambaleko n'kunena kuti kagwa. Zinamuwawa kwambiri, koma Namakani ndi bodza sankayendera limodzi. Ananyamula timbale tonse tiwiri n'kukatikhazika pamaso pa mlamu wake, osagogoda n'komwe.

"Nazo, alamu. Ndalephera. Tebulo tengani, koma zoti ndigwada iwalani."

Mlamuyo anangofunsa ngati pothira mankhwala anavundukula timbaleto nthawi imodzi. Namakani anati inde, nanga pali mlandu?

Mlamuyo anatembenuza timbale tija chadodolido. Kunsi kwa kofiira kunali inki yabuluu: wabwinobwino. Kunsi kwa koyera: wolumala.

"Munasinthanitsa zivindikiro. Jini lanu silinadzuke mu yisiti wolumala, monga munanenera," anatero akumukankhira cholembera chabuluu. "Tebulo ndi lanu, alamu. Ichi ndangokubwerekani."