Anafunsira Mkazi ndi Chithunzi cha Wilibala

Panali mnyamata wina wodziwa za makompyuta, koma makutu ake anali ongokongoletsa mutu basi. Ntchito yake inali yosamalira tsamba la pa intaneti la sitolo yogulitsa zipangizo zomangira nyumba. Nkhaniyi ndi yoona, wandiuza ndi munthu amene anavina nawo pa ukwati wake.

Mnyamatayu ankafuna kufunsa bwenzi lake, namwino wina wofatsa, kuti amange banja. Koma akati ayambe nkhaniyo, lilime linkauma. Ndiye anaganiza zolemba kapulogalamu koti mtsikanayo akatsegula pa foni aziona zithunzi zawo chimodzichimodzi, chilichonse ndi mawu achikondi, kenako funso lenilenilo.

Pulogalamu yotere ikatha amaimanga phukusi limodzi, zithunzi zili m'kati momwemo, n'kuliika pa seva, kompyuta ija yotumiza masamba kwa anthu. Achemwali ake, amene anamuphunzitsa ntchitoyi, anasuzumira pa laputopu yake n'kupukusa mutu.

"Iwe, zithunzi waziika m'phukusi, chabwino. Nanga bwanji pulogalamuyi ukuituma kukazifuna panja, mu foda yosungiramo zithunzi ya pa laputopu yako? Iuze iziwerenga za m'phukusi mwake."

"Achemwali, pa laputopu yanga zikuyenda bwinobwino."

"Ndiye mtsikanayo ukampatsa laputopu yakoyo? Foda imeneyo ili pako pokha. Yesa kaye pa seva."

"Aaa, inunso achemwali! Mumangoona zolakwika."

Sanayese n'komwe. Anapempha abwana ake, n'kuika phukusi lija pa seva ya sitolo. Kumeneko kunalinso foda ya dzina lomwelo, yodzaza zithunzi za katundu, ndipo maina a zithunzizo anali manambala, monga analili maina a zithunzi za mnyamatayo. Pulogalamu inakatenga zimene inapeza panjapo.

Masana ake awiriwo anakhala pa benchi kunja kwa chipatala. Mnyamata anamutumizira uthenga wotsegulira kapulogalamu kaja n'kuweramitsa mutu. Namwino anatsegula n'kuyamba kuwerenga mokweza.

"Mmene unkaonekera tsiku limene ndinakuona koyamba." Anayang'anitsitsa chithunzicho. "Wilibala?"

Mnyamata anadzutsa mutu. Pa foni panalidi wilibala yobiriwira, ya tayala limodzi.

"Kumwetulira kwako kumandisowetsa tulo," anapitiriza namwino. Apa panatuluka sowo, mano ali ngwee.

"Bweretsa foniyo, chonde!"

"Ayi, ndimalize. Ndikufuna ndidziwe mmene umandionera."

Abale inu, thukuta linatsika mpaka m'masokosi. Mnyamata anadziwa kuti mkazi wamuphonya. Tsamba lomaliza linatseguka: "Kodi ungalole kukhala mkazi wanga?" Pansi pake, thumba la simenti.

Namwino anaseka mpaka kutsetsereka pa benchi, misozi ili chuchuchu. Atapezako mpweya anamugwira dzanja.

"Simentiyo ndaikonda, nyumba yathu idzalimba. Ndalola. Koma za sowoyo tikambirana bwino."

Mnyamata analumpha ngati mwana, kenako anaimbira achemwali ake.

"Achemwali, wandilola! Komanso... zija munanena zija."

"Ndinanena chiyani? Nena mokweza, mlamu wanga amve."

"Ndiziwerenga za m'phukusi."

Anasintha mzere umodzi wokha wa pulogalamuyo, n'kumanganso phukusi, zithunzi zenizeni zinatuluka zokongola zedi. Koma anachedwa, chifukwa anamwino onse a m'chipatalamo anali ataiona kale wilibala ija.

Pa ukwati, achemwali analowa mu holo akukankha mphatso yawo atayimanga riboni: wilibala yobiriwira. Mkwatibwi anakweramo ndi chovala chake choyera, mkwati n'kumukankha kuzungulira holo yonse, anthu akufa ndi phwete. Mpaka lero apongozi ake amamuitana Bambo Wilibala, ndipo iye amayankha.

Phunziro: Zimene wamanga m'phukusi, pulogalamu iziwerenga m'phukusi momwemo, osati kukazisaka panja. Yesa kumene zikagwire ntchito, ndipo wokuphunzitsa akalankhula, tchera khutu. Si akazi onse angaseke utawafanizira ndi sowo. Tumizira mnzako uja amakonda kunena kuti "kwanga zikuyenda".