Paipi Yaikulu Kamwa

Lenia anali atasesa pabwalo, atachapa zovala, atatsukanso mbale. Chinatsala n'kukolopa m'chipinda cha kompyuta ya mwamuna wake, Abel.

Kompyutayo Abel anailumikiza yekha ndi zidutswa zotayidwa m'maofesi a m'Chipata. Poti inkazimazima ndi kutentha kwa Okutobala, anaiikira mapaipi a madzi oiziziritsa. Koma paipi imene anasankha pamsika inali yaikulu kamwa kuposa kachitsulo kolowetsamo, ndiye anangoimanga ndi mphira ya chubu cha njinga.

Atasuzumira pakhomo, Lenia anaona mphirayo itaduka. Madzi anali atayenderera pansi mpaka pa adaputa ya magetsi, imene inkachita thethethe. Mwana wawo Chipo anali atanjuta m'mphepete mwa chithaphwicho, kadzanja kali m'mwamba kuti amenye madzi monga amachitira pomusambitsa.

Lenia anaima pakhomopo. Ankamudziwa mwana wake: ukamuthamangira amayesa masewera, amathawira kutsogolo.

"Bambo a Chipo, zimitsani magetsi onse!" anaitana.

"Dikirani kaye, amake Chipo, ntchito ya kasitomala sindinaiseve," anayankha Abel ali pakhonde.

Lenia anagwada pomwepo, natulutsa bere limene anali atamuletsa mwanayo movutikira, mpaka kulipaka tsabola.

"Chipo, mama. Bwera udzayamwe."

Kadzanja kanakhalabe m'mwamba. Kenaka Chipo anacheuka, nayenda dededede kudzagwera pachifuwa pa amake. Kumbuyo kwake adaputa inaphulika.

Kompyuta inapsa, kasitomala sanabwerenso, ndipo Chipo anayamwa mpaka mvula itagwa.