Malisiti a M'mimba mwa Mbuzi

Padangotero, Mbuzi anali ndi golosale, ndipo zaka zitatu zinadutsa osalipira msonkho. Tsiku lina kunatera Khwangwala wotolera msonkho, kolala yake ili mbee.

"Bambo Mbuzi, malisiti a zaka zitatu ali kuti? Mukapanda kuonetsa, golosaleyi nditseka lero lomwe."

"Kalanga ine, bwana! Ndinawatsomeka kudenga, Chiswe n'kudya onse. Mufunse iyeyo."

Chiswe ataitanidwa anapsa mtima. "Ine ndadyapo mitengo, mphasa, ngakhale buku la nyimbo la abusa, sindikana. Koma malisiti a bambowa sindinalaweko. Bwana, musavutike ndi mafunso, tiyeni tingokhala pansi tiwayang'ane."

Anakhaladi. Mbuzi anatseka pakamwa zolimba, thukuta lili kamukamu. Koma mbuzi ndi mbuzi basi. Dzuwa litafika paliwombo analephera kupirira, nayamba kubzikula. Lisiti la shuga linasuzumira pakamwa, chidindo chikuoneka bwinobwino.

Khwangwala analisolola ndi mlomo, naliyanika pamwala. "La Malichi ili. Pitirizani, bambo, yatsala miyezi makumi atatu ndi isanu."

Mpaka lero Mbuzi akubzikulabe. Yathera pompa, kaphuleni mbatata zija zisanapserere.