Ufa wa Mandasi Wafufuma

Sharifa ankakanda ufa wa mandasi okagulitsa pa Ulongwe, mng'ono wake Shukuru, mphunzitsi wa sayansi, akumusimbira za yisiti.

"Kali ndi moyotu aka, achemwali. Kakafuna kuswana, timaulusi ta m'kati mwake timakhala tiwiritiwiri, kenako timakokedwa, kena kwa mayi, kena kwa mwana. Onse amafanana ndendende."

Sharifa anaseka. "Bola mandasi afufume!"

Kutada, anatuluka ndi tochi kukasuzumira beseni kukhitchini. Ufa unali utafufuma mpaka kusefukira, ndipo mtima wake unakhala m'malo. Kungoti unali utagawikana pakati, ngati wadulidwa ndi ulusi.

M'nyumba, amuna ake a Zuberi anafunsa, "Wafufuma kodi?"

Sharifa akadali kukhitchini konko, asanatsegule pakamwa, mawu ake enieni anayankha m'nyumba momwemo.

"Wafufuma. Tsekani chitseko, tigone."