Dzanja la Bester pa Phiko

Injini ya ndege inakananso kulira. Ndegeyo inali itangotera kumene ku Chintheche kudzatenga mayi wodwala, ndipo injini inali ikadali yotentha. Mzungu woyendetsa anasuzumira pansi n'kukodola Hanock, osati mkulu wake Bester.

Chonsecho Bester ndiye anaphunzitsa Hanock ntchitoyi ku Bulawayo nthawi ya nkhondo, phokoso la injini lisanamugonthetse makutu.

"Yamwa kwambiri! Tsekani mafuta kaye!" Hanock anakuwa. Bester anawaona mawuwo pamilomo. Anali mawu enieni amene iye anamuphunzitsa.

Hanock anakoka pulopela, chokupiza cha kutsogolo kwa ndege. Injini inatsokomola utsi wakuda n'kudzuka, koma ikunjenjemera ngati munthu wa malungo. Iye anapendeketsa mutu, khutu lili tcheru, n'kumapotoza kasikuluwu ka pa kabuleta, kopimira mafuta, pang'onopang'ono.

Bester anasendera n'kuika chikhato pa phiko, mumtima akuti bola izime. Koma kunjenjemera kuja kunachepa, mpaka chitsulo chinayamba kugunda mosalala. Iye mwini, makutu ali bwino, sanayifikitsepo injini pamenepo.

Hanock anatembenuka, thukuta lili kamukamu. "Ili bwanji, akulu? Ndipotozenso?"

Mawu oti "potozanso" anafika pakamwa pa Bester. Pomwepo machira a mayi uja anadutsa pafupi naye, dzanja lowonda likulendewera. Bester anawameza mawuwo.

"Isiye choncho," anatero mokalipa. "Ikafika."

Anthu anamuzungulira Hanock, amayi akululutira, ana akuomba m'manja. Bester anawayang'ana pakamwa, ndipo tsiku limenelo anathokoza Mulungu kuti samamva.