Tambala, Mfuko ndi Mtsinje Wouma

Padangotero, inu muziti tili tonse!

Mpingo wa nyama udatuma Mfuko ndi Tambala kukalalikira kuseri kwa phiri, kudera louma kumene Mawu a Mulungu anali asanafike. Panjira Tambala adayamba matama.

"Achimwene, inu mukatani kumeneko? Maso ndi omwewo, mawu mulibe. Tipikisane: wosonkhanitsa gulu ndiye mtumiki, winayo abwerere kwawo!"

Atafika, Tambala adakwera pachulu n'kukuwa mpaka mawu kusasa. Mayi Mbuzi adangodutsa ndi ana awo ali lefu. "Abusa, zokoma ndithu, koma anawa sadamwe chiyambire dzulo."

Mfuko, poopa kubwezedwa, adayesa kukuwa ngati mnzake. Padangotuluka kachifuwa, abuluzi n'kugwa nazo nseko. Ndi manyazi adatsikira kumtsinje wouma kukabisala, ndipo mphuno yake idamva chinyezi pansi pa mchenga.

"Ambuye, si izi zikhadabo mudandipatsa!"

Fuku, fuku, fuku! Mchenga udada, kenaka madzi tumphu! Mayi Mbuzi adaimba nthungululu, nyama zonse liwiro, fumbi koboo.

"Wakutumani ndani, bambo inu?" adafunsa Mayi Mbuzi.

Mfuko adapukuta matope kumaso. Akadangoti "ndapambana", Tambala akadauyamba wakwawo. Koma adati, "Kukumba ndimatha, mayi, kufotokoza ayi. Mbale wanga, imwani msanga, akudikira inu awa!"

Tambala adaweramira m'chitsime cha Mfuko, n'kumwa, n'kukweza mlomo kumwamba. Mawu adabwerera, ndipo chigwa chonse chidakhala pansi kumvetsera.

Yathera pompa, kaphuleni mbatata zisanapserere.